N'chifukwa chiyani Germany inakhala yogawanika zaka 45 pamene Austria inamasulidwa m'zaka khumi?

Funso la wowerenga: Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mayiko anayi opambana anagawana Germany ndi Austria mofanana, lililonse ndi chigawo chake. Koma asilikali achilendo anachoka ku Austria mu 1955 dzikolo lili lathunthu, pamene Germany inakhala yogawanika mpaka 1990. Ndinamvanso kuti mu 1952 Stalin ananena kuti anali wokonzeka kulola Germany kukhalanso dziko limodzi, koma mayiko a kumadzulo anakana. Kodi zimenezi n'zoona, nanga ngati n'zoona, wolakwa anali ndani?

Zimene munamvazo n'zoona ndithu. Pa 10 Malichi 1952, Andrei Gromyko, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa nduna ya za kunja ya Soviet Union, anapereka kwa oimira mayiko a America, Britain ndi France ku Moscow kalata yonena kuti boma lake likufuna pangano la mtendere ndi Germany yogwirizana. Mayiko atatuwo anayankha ndi makalata okhaokha, ndipo sanavomere kukhalirana pansi. Akatswiri a mbiri yakale akhala akutsutsana za kalata imeneyi kwa zaka zoposa 70. Maganizo anga ndi akuti pofika 1952 panalibe mbali imene inali yokonzeka kuika pachiswe gawo la Germany limene inali italigwira kale m'manja pofuna Germany yathunthu, chifukwa mbali iliyonse inkaopa kuti Germany yathunthuyo ikhoza kudzagwera kwa mdani. Kuti muone mmene zinthu zinafikira pamenepo, tiyenera kuyambira kumapeto kwa nkhondo.

Anthu ambiri amaganiza kuti atsogoleri a mayiko opambana anagwirizana ku Yalta zodula Germany pawiri, koma sizinali choncho. Malire a zigawo anajambulidwa ku London mu Sepitembala 1944 ndi komiti ya nthumwi za America, Britain ndi Soviet Union, ndipo cholinga chake chinali kudziwiratu kumene asilikali a dziko lililonse adzaime nkhondo ikatha. Ku Yalta, mu Febuluwale 1945, Roosevelt wa ku America, Churchill wa ku Britain ndi Stalin wa ku Soviet Union anakambiranapo zophwanya Germany kukhala timayiko tingapo, koma nkhaniyo anaitula kwa komiti ina ndipo inangozilala. Chimene anamanga ndi chakuti France nayo ipatsidwe chigawo, chimene chinadulidwa ku zigawo za America ndi Britain. Mzinda wa Berlin, umene unali mkati mwa chigawo cha Soviet Union, pafupifupi makilomita 160 kuchokera ku zigawo za kumadzulo, nawo unagawidwa panayi. Pa za misewu, njanji ndi ngalande zolowera mumzindawo sipanalembedwe pangano lomveka bwino; zimene zinalembedwa n'kusainidwa zinali njira zitatu za ndege zokha, ndipo patapita zaka zitatu kusiyana kumeneku kunadzakhala nkhani yaikulu.

Muzu weniweni wa vutoli uli ku Potsdam, kumene atsogoleri anakumana kuyambira pa 17 Julayi mpaka pa 2 Ogasiti 1945. Roosevelt anali atamwalira ndipo m'malo mwake munali Harry Truman. Churchill anagonja pa chisankho cha kwawo msonkhano uli mkati, ndipo pampando wake panadzakhala Clement Attlee. Anagwirizana kuti Germany ilandidwe zida, chipani cha Nazi chithetsedwe, ndipo dziko lonse liziyendetsedwa ngati chuma chimodzi pansi pa bungwe la akuluakulu a asilikali anayi lokhala ku Berlin. Koma bungwe limenelo silikanatha kumanga mfundo iliyonse pokhapokha onse anayi atavomereza. Kuwonjezera pamenepo panali nkhani ya chipukuta misozi. Soviet Union inali itataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pankhondoyo, midzi ndi mizinda yake ili mabwinja, ndipo ku Yalta inali itapempha kuti Germany ilipire katundu wokwana madola 20 biliyoni, theka lake lipite ku Moscow. Nduna ya za kunja ya America, James Byrnes, sinafune kumangidwa ndi chiwerengero chilichonse, choncho inabweretsa njira ina: dziko lililonse lizitenga malipiro m'chigawo chake, ndipo Soviet Union iwonjezeredwe gawo la makina a mafakitale a kumadzulo, 10 peresenti ulere ndi 15 peresenti posinthanitsa ndi chakudya, malasha ndi zina. Tsamba lina la panganolo linkati chuma ndi chimodzi, pamene tsamba lina linkapatsa aliyense ufulu wochita ndi chigawo chake monga afunira.

Pali mfundo ina imene kawirikawiri imaiwalika. Dziko loyamba kutsekereza kukhazikitsidwa kwa maofesi a Germany yonse, oyang'anira za mtengatenga, makalata, chuma ndi malonda, linali France. Iyo sinaitanidwe ku Potsdam, choncho inkati mfundo za kumeneko sizikuimanga, ndipo popeza inali itathiridwa nkhondo ndi Germany katatu kuyambira 1870, inakanitsitsa chilichonse chooneka ngati chiyambi cha boma limodzi lamphamvu.

Pamene andale ankakokanakokana, zinthu m'zigawo zinkapita padera. Kum'mawa asilikali a Soviet Union ankazula makina m'mafakitale n'kuwakweza m'sitima, ndipo m'njira zambiri za sitima zimene zinali ndi njanji ziwiri anazula imodzi, moti sitima zinkachita kudikirana pa siteshoni. Kumadzulo vuto linali njala. Chigawo cha Britain chinali ndi migodi ya malasha ndi mafakitale a Ruhr komanso mizinda ikuluikulu yophwasuka, koma minda yochepa, pamene madera a ulimi a kum'mawa kwa mitsinje ya Oder ndi Neisse anali ataperekedwa m'manja mwa Poland, ndipo Ajeremani mamiliyoni ambiri othamangitsidwa kumeneko ankakhamukira kumadzulo. Boma la Britain linkagula tirigu ndi madola ake ochepa kuti lidyetse anthu amene dzulo lake anali adani, ndipo mu Julayi 1946 linayamba kugawa buledi mwa muyezo kwa anthu ake omwe, chinthu chimene silinachite ngakhale nkhondo ili mkati. Kwa akuluakulu a ku London ndi ku Washington, Germany inkaoneka ngati ng'ombe imene iwo akuidyetsa pamene wina akuikama. Mu Meyi 1946 mkulu wa asilikali a America, Lucius Clay, anaimitsa kutumiza makina kuchokera m'chigawo chake, ndipo pa 1 Januwale 1947 zigawo za America ndi Britain zinaphatikizidwa pa za chuma.

Pa za ndale namonso mpata unkakula. Mu Epulo 1946 chipani cha Social Democratic cha m'chigawo cha kum'mawa chinaumirizidwa kuphatikizana ndi chipani cha chikomyunizimu n'kupanga chipani chimodzi cha SED. Mu Okutobala chaka chomwecho kunachitika chisankho mu Berlin yense, kumene zipani zinapikisana momasuka, ndipo SED inakhala yachitatu ndi mavoti osafika 20 peresenti. Zotsatira zimenezi muzisunge m'maganizo, chifukwa kuyambira pamenepo aliyense, ku Moscow ndi kumadzulo komwe, ankadziwa amene angapambane ngati Ajeremani onse atapatsidwa mwayi wovota mwaufulu.

Mwayi weniweni wogwirizana, ngati unalipo, unali pa msonkhano wa nduna za kunja ku Moscow kuyambira pa 10 Malichi mpaka pa 24 Epulo 1947. Vyacheslav Molotov wa ku Soviet Union ankafuna boma lapakati lamphamvu, malipiro a madola 10 biliyoni ochokera ku zimene mafakitale akupanga, komanso kuti dziko lake likhale ndi mawu pa kayendetsedwe ka Ruhr. George Marshall wa ku America ndi Ernest Bevin wa ku Britain ankafuna boma logawa mphamvu m'zigawo, ndipo ankati Germany iyambe yadzidyetsa yokha isanalipire wina aliyense. Georges Bidault wa ku France maso ake anali pa malasha ndi pa dera la Saar. Milungu isanu ndi umodzi inatha popanda chomangidwa. Marshall atakumana ndi Stalin anabwerera kwawo akukhulupirira kuti mtsogoleriyo sanali pa changu, ndipo kuti kuzengereza kunkamukomera chifukwa umphawi wa ku Ulaya unkalimbikitsa zipani za chikomyunizimu. Mu Juni Marshall analengeza ndondomeko yothandiza kumanganso chuma cha Ulaya, imene Moscow inaikana n'kuletsanso mayiko a kum'mawa kulowamo. Msonkhano wotsatira ku London unatha mu Disembala 1947 nduna zisanapangane n'komwe tsiku lokumananso.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Mayiko a kumadzulo anayamba kukonza zokhazikitsa boma m'zigawo zawo, ndipo pa 20 Malichi 1948 Vasily Sokolovsky, woimira Soviet Union, anatuluka m'bungwe la akuluakulu anayi, limene silinakumanenso. Pa 20 Juni, tsiku Lamulungu, anthu a m'zigawo za kumadzulo anaima pamizere kulandira ndalama yatsopano, Deutsche Mark 40 munthu aliyense. Kufikira tsikulo ndalama yakale inalibe ntchito moti pamsika anthu ankagulana zinthu ndi ndudu, koma kutacha Lolemba katundu amene eni sitolo ankabisa anangoti mbwee m'mawindo. Pa 24 Juni Soviet Union inatseka misewu, njanji ndi ngalande zolowera kumadzulo kwa Berlin, kumene kunali anthu oposa 2 miliyoni. Apa m'pamene njira zitatu za ndege zija zinagwira ntchito: ndege za America ndi Britain, mothandizidwa ndi oyendetsa ochokera ku Australia, New Zealand ndi South Africa, zinanyamula katundu wokwana matani pafupifupi 2.3 miliyoni, wambiri mwa iye malasha. Stalin anatsegula njira pa 12 Meyi 1949 asanapeze chimene ankafuna. Pa 23 Meyi malamulo oyendetsera dziko la West Germany analengezedwa, mu Sepitembala Konrad Adenauer anasankhidwa kukhala chansela, kutanthauza mtsogoleri wa boma, mopambana ndi voti imodzi yokha, ndipo pa 7 Okutobala dziko la East Germany linakhazikitsidwa.

Chimene chinabala kalata ya 1952 ndi nkhondo ya ku Korea. Asilikali a North Korea atawoloka malire mu Juni 1950, akuluakulu a kumadzulo anaona dziko lina logawanika likuyaka moto ndipo anaopa kuti zomwezo zichitika ku Ulaya. America inayamba kunena poyera kuti West Germany ipatsidwenso zida. France inachita mantha, ndipo pofuna kuti asilikali a Chijeremani asakhale paokha inapereka ganizo lokhazikitsa gulu limodzi la nkhondo la mayiko a kumadzulo kwa Ulaya. Kumayambiriro kwa 1952 mapangano amenewa anali pafupi kusainidwa. Kalata ya Stalin inafika pa nthawi imeneyo.

Zimene zinali m'kalatamo zinali zokopa. Germany ikhalenso dziko limodzi. Asilikali onse achilendo achoke pasanathe chaka pangano la mtendere litayamba kugwira ntchito. Anthu akhale ndi ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wokhazikitsa zipani za demokalase. Dzikolo liloledwe kukhala ndi asilikali ake odzitetezera komanso kupanga zida zawo, ndipo amene anali asilikali kapena mamembala a chipani cha Nazi, kupatula amene anali m'ndende pa milandu, abwezeredwe ufulu wawo wonse. Mtengo wake unali pawiri: Germany isalowe mgwirizano uliwonse wa nkhondo wolimbana ndi dziko limene linamenyana nayo, ndipo malire ake akhale amene anaikidwa ku Potsdam, kutanthauza kuti madera a kum'mawa kwa Oder ndi Neisse apite mpaka kalekale. Za chisankho kalatayo sinatchulepo kanthu.

Mayiko atatu anayankha pa 25 Malichi kuti choyamba pakhale chisankho chaufulu m'dziko lonse, ndipo komiti ya bungwe la United Nations, imene inali itakhazikitsidwa kale mu Disembala 1951 koma boma la kum'mawa n'kuikaniza kulowa, ikaone ngati chisankho chotero n'chotheka. Anawonjezeranso kuti boma lotuluka m'chisankhocho likhale ndi ufulu wosankha abwenzi ake. Pa 9 Epulo Moscow inavomera za chisankho, koma inati chiyang'aniridwe ndi mayiko anayi omwewo, kutanthauza kuti iyo ikanakhala ndi mphamvu yotsekereza chilichonse. Makalata ena anatsatira mu Meyi ndi mu Ogasiti, mawu ake akunka naipiraipira, mpaka kulemberanako kunatha mu Sepitembala.

Kodi Stalin ankanena zochokera pansi pa mtima? Akatswiri monga Rolf Steininger ndi Wilfried Loth anatsindika kuti mwayi unalipo ndipo unatayidwa. Mfundo yawo ndi yomveka: Stalin ankaopa kwambiri mafakitale a Ruhr ndi asilikali a Chijeremani ali m'manja mwa America, ndipo akanatha kulolera kutaya boma la kum'mawa, limene linali lofooka ndi losakondedwa, kuti aletse zimenezo. Ena, monga Gerhard Wettig ndi Peter Ruggenthaler, atafufuza m'zikalata za ku Moscow zimene zinatsegulidwa Soviet Union itatha, anapeza kuti kalatayo inakonzedwa ngati chida chosokonezera mapangano a kumadzulo ndi kugawanitsa maganizo a anthu a ku West Germany. Umboni umene ine umandilemera ndi wa zimene zinkachitika kuseri nthawi yomweyo. Kumayambiriro kwa Epulo 1952, makalata akadali pa njira, Stalin anakumana ndi atsogoleri a kum'mawa, Wilhelm Pieck, Walter Ulbricht ndi Otto Grotewohl, n'kuwalangiza kuti akhazikitse gulu lawo la nkhondo ndi kulimbitsa malire. Pa 26 Meyi, tsiku limene West Germany inasaina pangano lake ndi mayiko atatu ku Bonn, likulu lake la nthawiyo, boma la kum'mawa linatseka malire a pakati pa Ajeremani: analima kamzere ka mamita khumi m'lifupi kuti mapazi a wothawa azioneka, kumbuyo kwake kunali dera la mamita 500 lolonderedwa kwambiri, ndiyeno dera la makilomita asanu lolowamo ndi chilolezo chokha, ndipo mabanja masauzande amene ankawakayikira anasamutsidwa mokakamiza. Mu Julayi chipani cha SED chinalengeza kuti chayamba kumanga sosholizimu. Munthu amene akukonzekera kupereka dera sachita kulimangira mpanda chotero.

Komabe sindingayeretse mbali ya kumadzulo, chifukwa iwo sanakane kokha poganiza kuti kalatayo ndi nyambo. Ankaopanso kuti mwina ndi yoona. Germany yosalowerera mbali, yokhala ndi asilikali ake, asilikali a America atabwerera kutsidya kwa nyanja pamene a Soviet Union angosunthira ku Poland, inali chinthu choopsa kwa London ndi Paris kuposa Germany yogawanika. Anthu ankakumbukira pangano la ku Rapallo la 1922 ndi la Hitler ndi Stalin la 1939, pamene Germany ndi Moscow zinamvana ena n'kulira. Adenauer mwiniwake sankakhulupirira kuti anthu a mtundu wake angayende bwino ali okhaokha pakati pa mbali ziwiri, ndipo ankati dzikolo liyambe lamangiriridwa kumadzulo, kugwirizana kudzabwera mbali ya kumadzulo ikadzakhala yamphamvu. Sikuti Ajeremani onse ankagwirizana naye. Kurt Schumacher, mtsogoleri wa chipani chotsutsa, komanso Jakob Kaiser, nduna ya m'boma la Adenauer lomwe, ankafuna kuti kalatayo iyesedwe pa tebulo, ndipo Gustav Heinemann anali atatula kale pansi unduna mu 1950 pokana zopatsanso dzikolo zida. Kukhalirana pansi kukanachedwetsa kusaina ndi miyezi ingapo, ndipo kukanaonetsa poyera ngati Stalin anali wokonzeka kulola chisankho chimene ankadziwa kuti anthu ake agonja. Mayiko a kumadzulo anasankha kusayesa, ndipo n'chifukwa chake funso lanu likufunsidwabe mpaka lero. Anthu pafupifupi 18 miliyoni a kum'mawa, amene analibe mawu pa zonsezi, ndiwo anasenza mtolo wa kusayesa kumeneko.

Stalin atamwalira mu Malichi 1953 panaoneka kampata kena. Churchill, amene anali atabwerera pampando, anapempha mu Meyi kuti atsogoleri akumane, ndipo ku Moscow ena ankakayikira ngati boma la Ulbricht linali loyenera kulisunga. Koma pa 17 Juni anthu ogwira ntchito ku East Berlin ndi m'mizinda ina anaukira, akasinja a Soviet Union anawabalalitsa, ndipo patangopita masiku ochepa Lavrentiy Beria, mkulu wa apolisi achinsinsi ku Soviet Union, anamangidwa, mwa zina pomuneneza kuti ankafuna kugulitsa East Germany. Kuyambira pamenepo panalibenso mtsogoleri ku Moscow amene akanayerekeza kutchula zimenezo. Msonkhano wa nduna ku Berlin kumayambiriro kwa 1954 unangobwereza mkangano wakale: kumadzulo ankati chisankho choyamba, Molotov ankati choyamba maboma awiriwo apange boma loyembekezera. Nyumba ya malamulo ya France itakana gulu la nkhondo la ku Ulaya mu Ogasiti 1954, West Germany inalowetsedwa mu NATO, mgwirizano wa nkhondo wa mayiko a kumadzulo, mu Meyi 1955, ndipo pa 14 Meyi Soviet Union ndi mayiko a kum'mawa anakhazikitsa mgwirizano wawo wa Warsaw.

Tsiku lotsatira, pa 15 Meyi 1955, nduna za mayiko anayi omwewo zinasaina pangano lomasula Austria m'nyumba yachifumu ya Belvedere ku Vienna. Kusiyana kwake kunayambira kutali. Mu 1943, ku Moscow, mayiko ogwirizana anali atalengeza kuti Austria ndi dziko loyamba kugwidwa ndi Hitler ndipo lidzabwezeretsedwa, choncho silinkaonedwa ngati mdani wofunika kulangidwa mofanana ndi Germany, ngakhale anthu ake ambiri anatumikira chipani cha Nazi ndi mtima wonse. Chachiwiri, Austria inali ndi boma limodzi kuyambira pachiyambi. Karl Renner anakhazikitsa boma mu Epulo 1945 ndi chilolezo cha Soviet Union, mayiko a kumadzulo analivomereza pambuyo pake, ndipo mu Novembala chaka chomwecho dziko lonse linavota, achikomyunizimu n'kupeza mavoti pafupifupi 5 peresenti basi. Chachitatu, chimene ine ndimachiona chofunika kwambiri, ndi pangano la mu Juni 1946 lokhudza mphamvu za mayiko anayi. Ku Germany palibe chimene chikanachitika pokhapokha onse anayi atavomera. Ku Austria anatembenuza: lamulo wamba lopangidwa ndi nyumba ya malamulo linkayamba kugwira ntchito pakapita masiku 31 pokhapokha onse anayi atagwirizana kulikana. Choncho kusamvana kwa mayiko akuluakulu, kumene kunapha ulamuliro umodzi ku Germany, ku Austria kunkapatsa boma la Vienna mpata wopuma.

Pamwamba pa zonsezi pali kukula kwa dziko. Austria inali ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni ndipo inalibe Ruhr. Kusalowerera mbali kwake sikukanasintha mphamvu za ku Ulaya, ndipo kwa Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union panthawiyo, kunali ndi phindu, chifukwa Austria pamodzi ndi Switzerland zinadula njira ya pamtunda pakati pa asilikali a NATO a ku West Germany ndi a ku Italy. Chansela Julius Raab anapita ku Moscow mu Epulo 1955 n'kulonjeza kuti dziko lake silidzalowa mgwirizano wa nkhondo, komanso kuti lidzalipira katundu wa madola 150 miliyoni ndi mafuta powombola mafakitale ndi zitsime zimene Soviet Union inkayendetsa. Asilikali achilendo atachoka, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la kusalowerera mbali pa 26 Okutobala 1955.

Ku Germany chaka chomwecho chinatseka khomo. Atsogoleri anayi anakumana ku Geneva mu Julayi, anamwetulirana, koma pobwerera kwawo Khrushchev anaima ku East Berlin n'kunena poyera kuti tsopano pali mayiko awiri a Chijeremani ndipo zimene kum'mawa kwapindula sizidzatayidwa. Boma la Bonn linayankha ndi mfundo yoti dziko lililonse lovomereza East Germany likuchita zaudani, ndipo mkangano umenewu unafika mpaka kuno kwathu ku Africa: mu 1965, Julius Nyerere wa ku Tanzania atalola East Germany kutsegula ofesi ku Dar es Salaam kutsatira ubale umene Zanzibar inali nawo kale, Bonn inachotsa thandizo lake la zankhondo, ndipo Nyerere anauza Ajeremaniwo kuti achotse ndi thandizo lina lomwe. Pakati pa 1949 ndi 1961 anthu pafupifupi 2.7 miliyoni anathawa kum'mawa, ambiri kudzera mu Berlin, mpaka khoma logawa mzindawo linamangidwa pa 13 Ogasiti 1961. M'zaka za Willy Brandt, chansela wa West Germany, mapangano a 1970 mpaka 1972 sanathetse kugawanikako koma anakuikira malamulo, ndipo mu 1973 mayiko onse awiri analowa mu United Nations.

Chimene chinasintha mu 1989 ndi chakuti mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, sanalinso wokonzeka kutumiza akasinja monga mu 1953, ndipo chuma cha dziko lake chinali chitagwa. Khoma litatsegulidwa pa 9 Novembala, Margaret Thatcher wa ku Britain ndi François Mitterrand wa ku France anaonetsa mantha omwe aja a makolo awo, koma George Bush wa ku America anaima ndi Helmut Kohl, chansela wa West Germany, pa mfundo imodzi, yoti Germany yogwirizana ikhalebe mu NATO. Chisankho chaufulu chimene chinakanika mu 1952 chinachitika kum'mawa pa 18 Malichi 1990, ndipo zipani zofuna kugwirizana mwamsanga zinapambana. Zokambirana zinali za maboma awiri a Chijeremani pamodzi ndi mayiko anayi aja, ndipo pangano linasainidwa ku Moscow pa 12 Sepitembala 1990. Mukaliika pambali pa kalata ya Stalin mupeza zofanana zingapo: Germany inavomereza malire a Oder ndi Neisse, inalonjeza kusakhala ndi zida za nyukiliya, ndipo asilikali ake anachepetsedwa kufika pa 370,000. Kusiyana kunali pa mfundo imene inalepheretsa zonse kale ija, chifukwa Gorbachev analola kuti Germany isankhe yokha mgwirizano wake, pokhapokha asilikali achilendo ndi zida za nyukiliya zisaikidwe m'dera la kum'mawa. Bonn inapereka Deutsche Mark 12 biliyoni zothandizira kusamutsa ndi kumangira nyumba asilikali a Soviet Union oposa 300,000, kuwonjezera pa ngongole ya 3 biliyoni yopanda chiwongoladzanja. Germany inagwirizana pa 3 Okutobala 1990, ndipo asilikali omaliza a ku Russia anachoka mu Ogasiti 1994.

Pangano la mtendere limene analonjeza ku Potsdam silinalembedwe konse. Boma la Kohl linapewa dala kuti chikalata cha 1990 chikhale pangano lotero, chifukwa zikanafuna kuitana mayiko ambirimbiri amene anamenyana ndi Germany, ndiponso mgwirizano wa za ngongole wa ku London wa 1953 unali utaimika nkhani ya chipukuta misozi kufikira itadzathetsedwa komaliza. Boma la Germany limati nkhaniyo inatsekedwa, koma Greece yakhala ikuitukula mobwerezabwereza, ndipo mu 2022 boma la Poland linatumiza ku Berlin kalata yofuna malipiro okwana pafupifupi mayuro 1.3 thililiyoni, imene Germany inaikana.